Nambala ya mtima ya MRI yatsika, chemo ipitirire kapena ayi?

Nabanda Mabvuku: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndikudziwa kuti gulu lino ndi la maliro ndi zopereka koma muli anesi ndi madokotala muno ndiye ndithandizeni. Amayi ali pa chemo ya khansa ya bere, asanayambe anawajambula mtima ndi echo konkuno ku Harare ndipo pa lipoti panalembedwa GLS -19 (akuti ndi mmene mnofu wa mtima umafupikira) ndi EF 58 (peresenti ya magazi omwe mtima umatulutsa ukagunda). Mwezi watha achimwene anawatengera ku Johannesburg kuti akapumeko, kumeneko anawalowetsa mu MRI ya mtima, lipoti labwera likuti GLS -15, EF 56. Ndinawerenga pa intaneti kuti GLS ikatsika ndi 15 peresenti ndiye kuti mankhwala ayamba kuwononga mtima. Panopa pabanja tagawikana, ena akuti chemo ilekeke, ndipo tsiku lawo lina ndi Lachinayi likubwerali

Mussa wa pa Mbare: Pepani achemwali. Koma ine kusukulu anatiphunzitsa kuti -15 ndi wamkulu kuposa -19, ndiye yatsika bwanji apa? mesa yakwera kkkk

Sisi Grace: Achimwene Mussa minus ameneyo akungotanthauza kufupika. Mtima ukamapopa magazi mnofu wake umafupika kuchokera kumtunda kupita kunsonga, ndiye -19 ndi kuti wafupika ndi 19 pa 100 aliyense, -15 wafupika pang'ono kuposa poyamba. Iwalani minusyo muone 19 ndi 15 basi. Nabanda mankhwala ake ndi ofiira aja?

Nabanda Mabvuku: Eee ofiira, mpaka mkodzo umafiira tsiku limenelo. Pa khadi palembedwa doxorubicin

Sisi Grace: Chabwino. Amenewo ndi zoona amatha kufooketsa mtima, nchifukwa chake amajambula asanayambe. Koma chonde chonde musaimitse chemo panokha kunyumba, dikirani tiitane aYamikani amagwira ntchito pa makina omwewa. @Yamikani bwerani kuno

Limbani Jozi: Ndine amene ndinawatengera amayi ku MRI. Ndinalipira ndalama zambiri ndithu chifukwa aliyense amati MRI ndiye makina oona, echo ndi kachipangizo kongotsetsereka pachifuwa ndi mafuta. Ndiye ngati makina aakuluwo akuti 15 ine ndikhulupirira 15, sindikufuna tichize bere tiphe mtima

Agogo Mbewe admin: Ana inu musakangane pagulu, mayi ndi wanu nonse. Tidikire odziwa

Yamikani: Ndafika, ndinali ndi wodwala patebulo. Nabanda funso langa loyamba, pa lipoti la ku Johannesburg pali paliponse palembedwa feature tracking, kapena tagging, kapena SENC? Yang'anani kumunsi kwenikweni komwe kumakhala timalemba tating'ono, nthawi zina amalembanso dzina la pulogalamu ya pakompyuta

Nabanda Mabvuku: Pali feature tracking ndipo pambali pake cvi42

Yamikani: Basi ndi zomwe ndimaganiza. Ndiye ndifotokoze pang'onopang'ono chifukwa apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonekera, ngakhale azachipatala amene. Nambala ziwirizi zili ndi dzina limodzi GLS koma sizinayezedwe mofanana. Echo imatsatira timadontho tomwe timaoneka mkati mwa mnofu wa mtima, kompyuta imagwira kadontho nkumakatsata chithunzi ndi chithunzi kuona kuti kasuntha bwanji. Pa MRI ya masiku onse mnofu umangooneka wotuwa wosalala, mulibe timadontho, magazi ndi amene amawala mbee. Ndiye pulogalamu imatsatira malire apakati pa magazi owalawo ndi khoma la mtima, nkumayerekeza kuti mkati mwa khoma mukuchitika zotani. Njira ziwiri zosiyana, masamu osiyana, makampani osiyana. Kutenga 19 wa uku nkuchotsa 15 wa uko nkunena kuti watsika ndi 4 sizigwira

Mussa wa pa Mbare: Aaa ndiye zili ngati sikelo za pa Mbare Musika pano, thumba lomwelo la mbatata kwa uyu 19 kwa uyo 15, ukafuna kudziwa ngati ana akuba mbatata uyeze pa sikelo yomwe unayezera dzulo

Yamikani: Ndendende achimwene, palibe choonjezera

Limbani Jozi: Koma aYamikani mukutanthauza kuti ndalama zanga zapita m'madzi? MRI ndi yabodza?

Yamikani: Ayi braz, sindinanene choncho. Pa nkhani ya kukula kwa zipinda za mtima ndi EF, MRI ndiye yomwe makina ena onse amayerekezeredwa nayo, palibe wotsutsa. Ndipo taonani EF yanu, 58 ndi 56, zimenezo ndi chimodzimodzi, munthu yemweyo ndikamuyeza kawiri lero lomwe nditha kupeza kusiyana kotere. MRI imaonetsanso chipsera mu mnofu akabaya mankhwala a gadolinium, imaonetsa kutupa, zinthu zomwe echo singaone. Vuto lili pa nambala imodzi iyi ya strain, ya kufupika kwa mnofu ija, chifukwa pa MRI mpaka pano pulogalamu iliyonse ili ndi nambala zake zomwe imati ndi zabwinobwino. cvi42 ndi ya kampani ya Circle ku Calgary, pali Medis ya ku Leiden, pali TomTec ya ku Germany, pali Segment ya ku Lund. Mutenge zithunzi zomwezo za munthu yemweyo mulowetse mu mapulogalamu anayiwa, mutuluka ndi nambala zinayi

Thoko UZ: Ndilowereko pang'ono ndine mwana wasukulu chabe koma izi tikuwerenga. Ngakhale echo yomweyo inali ndi vuto lomweli. Mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 2015, ku Leuven anatenga anthu omwewo nkuwajambula ndi makina a makampani osiyanasiyana tsiku limodzi, GLS yapakati inatuluka kuyambira 18.0 pa kampani ina mpaka 21.5 pa ina. Anthu ake omwewo, mitima yomweyo. Kungoti mabungwe a madokotala a echo a ku Europe ndi America anakhala pansi ndi makampani kuti agwirizane kayezedwe, ndiye kumeneko zinthu zinayandikirana. Ku MRI ntchito imeneyo idakali m'mbuyo

Nabanda Mabvuku: Ndiye 15 peresenti ija ndinawerenga ndi yabodza?

Dr Kondwani: Madzulo abwino nonse, kuno ku Leeds kwangoyamba kuda. Nabanda 15 peresentiyo ndi yoona, ili mu malangizo a European Society of Cardiology a 2022 okhudza mtima wa odwala khansa. Ndipo masamu anu munachita bwino, kuchoka pa 19 kufika pa 15 ndi pafupifupi 21 peresenti, zikanakhala kuti zonse ndi za makina amodzi bwenzi tikunena kuti mzere wadutsidwa. Koma lamulolo linamangidwa pa echo kuyerekeza ndi echo, ndipo amanenetsa kuti makina ndi pulogalamu zikhale zomwezo ulendo uliwonse. Chachiwiri chomwe anthu sawerenga, ngakhale GLS itatsikadi motero, ngati EF ili pa 50 kapena kupitirira ndipo munthu sakumva chilichonse, malangizo omwewo sanena kuti chemo iime. Amati ipitirire, mtima uziyang'aniridwa pafupipafupi, ndipo dokotala aganizire zoyamba mankhwala oteteza mtima monga enalapril kapena carvedilol. Kuimitsa chemo pakati kuli ndi mtengo wake waukulu, khansa siidikira

Limbani Jozi: Adokotala zikomo koma mtima wanga sunakhazikike. Pa lipoti pali chithunzi chozungulira chogawidwa tizigawo, china chili chofiira palembedwa -7. Chimenecho ndiye chinandiopsa kwambiri, dokotala wa kuno anangoti tikaonane ndi wa khansa

Yamikani: Kachozungulira kameneko ndimakadziwa, kaopseza mabanja ambiri kkk. Chipinda chakumanzere cha mtima timachigawa tizigawo 17, kagawidwe ka American Heart Association ka 2002, ndipo pa strain nthawi zambiri amaonetsa 16 kusiya kansonga. Tsono mvetsetsani apa. Nambala ya mtima wonse imakhala yokhazikika chifukwa zolakwika za apa ndi apo zimafafanizana ukaphatikiza. Koma nambala ya kachigawo kamodzi pa feature tracking ndi yosadalirika, izi ofufuza anazipeza mobwerezabwereza ndipo ife a pamakina timaziona ndi maso. Ndikuuzeni mmene zimakhalira. Ndimakhala pakompyuta, ndatsegula chithunzi cha mtima utadzaza magazi, ndikujambula mzere ndi mouse kuzungulira mkati mwa khoma kenako wina kunja. Mkatimo si mosalala ayi, muli timinofu tolendewera tomwe timagwira ma valve ndi tina tokhala ngati mizu, ndiye uyenera kusankha kuti mzere udutse kutsogolo kapena kumbuyo kwake. Ndikadina kuti itsatire, ndimaonera kanema wake, nthawi zina pafupi ndi valve mzere umathawa khoma nkukakamira kamnofu kolendewera, kachigawo kameneko nkutuluka -7. Ndikasuntha kadontho kamodzi pang'ono chabe nkudinanso, kachigawo komweko -16. Mtima sunasinthe, chasintha ndi dzanja langa

Mussa wa pa Mbare: Eeeh ndiye moyo wa munthu uli pa mouse

Yamikani: Nchifukwa chake wodziwa ntchito saangodina nkusindikiza, amaonera kanemayo kuti mzere ukuyenda ndi khoma, ndipo ena amayeza katatu nkutenga yapakati, zimathandiza ndithu kuti nambala ikhazikike. Braz Limbani funso lofunika ndi lakuti pa chigawo chofiiracho, polemba za kayendedwe ka khoma anati chiyani, ndipo ngati anabaya gadolinium anapezapo chipsera?

Limbani Jozi: Anabaya, anayamba ayeza magazi a impso kaye. Palembedwa kuti no late enhancement ndipo makoma akuyenda bwino onse

Yamikani: Ndiye mwaona ndalama zanu sizinapite m'madzi, zimenezo ndiye nkhani yabwino yomwe munagula. Palibe chipsera, khoma likuyenda. Kofiirako ine sindingakawerengere

Dr Kondwani: Pa kachigawoko ndikugwirizana nanu aYamikani. Koma pa -15 wa mtima wonse ndisiyana nanu pang'ono, tisamutaye ngati chinyalala. Sitingamuyerekeze ndi 19 wa echo, zoona, koma payekha 15 ali chakumunsi, ndipo mayiwa alandira doxorubicin yemwe kuopsa kwake kumakula malinga ndi kuchuluka kwa mankhwala onse omwe munthu walandira chiyambire. Akadutsa 250 mg pa square metre ya thupi timayamba kumuika m'gulu loyang'anitsitsa. Komanso strain imatsika EF isanatsike, ndiye chifukwa chake timaiyeza. Ine ndikanati nambalayi ndi belu, siyankho. Achite echo ina pa makina omwe anajambulira poyamba, ngati nkotheka munthu wake yemweyo, ndipo ayeze troponin, chizindikiro cha kuvulala kwa mnofu wa mtima, m'magazi. Echo yachiwiriyo ikati 18 kapena 19 nkhani yatha. Ikati 15 nayonso ndiye kuti MRI inanena zoona ndipo ayambe mankhwala oteteza

Yamikani: Adokotala sitikusiyana kwambiri, kungoti ine 15 wa pa feature tracking sandidzidzimutsa mpaka nditaona nambala zabwinobwino za pulogalamu imeneyo, chifukwa mapulogalamu ena GLS yawo imatuluka yotsikirapo mwa anthu abwinobwino omwe. Ndipo ngakhale pulogalamu imodzi yomweyo akaisintha version nambala zimatha kusuntha. Pa lipoti labwino amayenera kulemba kuti kwa ife kuno yabwinobwino ndi kuyambira apa mpaka apa

Nabanda Mabvuku: Sanalembe zimenezo, pangokhala nambala yokha

Yamikani: Ndiye braz Limbani muwaimbire mufunse, ndi ufulu wanu

Sisi Grace: Ine ndifunse za tsikulo. Amayi anapita pa basi? Ndipo anajambulidwa patapita nthawi yaitali bwanji chilandirire chemo?

Nabanda Mabvuku: Pa basi sisi, kudzera pa Beitbridge, ndipo mukuwadziwa amayi paulendo samwa madzi kuopa zimbudzi za panjira. Anali asanasiyenso kusanza bwinobwino, kudya kunali kovuta, anafika atafooka ndipo MRI inachitika mawa lake

Sisi Grace: Mwaona. Strain si nambala yokhazikika ngati msinkhu wa munthu, imayenda ndi mmene thupi lilili tsiku limenelo. Madzi akachepa m'thupi mtima sudzaza bwino ndiye kufupika kwake kumasintha, BP ikakwera mtima ukukankha molimbana ndi mphamvu yaikulu nambala imatsika, magazi akachepa kapena mtima ukamathamanga zimasinthanso. Ife kuwodi timaona BP ya agogo ikukwera chifukwa chongoona yunifolomu, nanji kulowa mu chimphanga chaphokoso chija

Limbani Jozi: Za phokoso musanene, anatuluka akunjenjemera. Ndipo ananena kuti samamva bwino zomwe mtsikana wa pamakina amalankhula mu ma headphone, Chingerezi chake chothamanga, iwo anazolowera Chichewa ndi Chishona. Akuti nthawi zina amapuma pomwe amayenera kugwira mpweya

Yamikani: Apo ndiye mwanena chinthu chachikulu braz. Kanema wa mtima pa MRI sajambulidwa pa kugunda kumodzi ayi. Timamata mawaya a ECG pachifuwa, makina amatola kachidutswa pa kugunda uku, kachidutswa pa kugunda kwina, kwa masekondi angapo munthu atagwira mpweya, kenako nkulumikiza kukhala kanema mmodzi. Munthu akapuma pakati, mtima umasuntha ndi chifuwa, malire a khoma amachita chimbuuzi, ndipo feature tracking moyo wake wonse uli pa malire omwewo. Ine odwala athu achikulire ndimayamba ndayeserera nawo panja asanagone patebulo, pumirani mkati, tulutsani, gwirani pomwepo, mpaka tigwirizane, ndipo ndikamva dzina lakwathu ndimangolankhula Chichewa pa maikolofoni, nkhalamba imasangalala zithunzi nkutuluka zoyera

Agogo Mbewe admin: Mulungu akudalitseni mwana wanga, ife a ku Tafara tikadzadwala tidzafuna inuyo

Thoko UZ: Funso kwa aYamikani, nanga bwanji osangogwiritsa tagging poti ndiyo amati yeniyeni? Tinaphunzira kuti anaiyambitsa Elias Zerhouni ku Johns Hopkins mu 1988, munthu wobadwira ku Algeria yemwe pambuyo pake anatsogolera NIH, bungwe la boma la America lofufuza za umoyo, kenako Axel ndi Dougherty mu 1989 anabweretsa ya mizere yopingasana ija. Makina amadinda mizere yakuda mu mnofu weniweniwo ndi maginito, mtima ukamafinya mizere imapindika nawo, ndiye ukuyeza mnofu osati kuyerekeza kuchokera m'malire. Palinso DENSE ya 1999 ndi SENC ya 2001 zomwe zimayeza mkati mwa mnofu momwemo. Ine ndimaona ngati feature tracking ndi njira yachidule chabe

Yamikani: Thoko mwawerenga bwino koma bwerani mudzakhale pampando wanga tsiku limodzi kkkk. Tagging imafuna kujambula zithunzi zina zapadera, ndiye kuti wodwala agwire mpweya kangapo kena, mzere panja ukukula, magetsi athawa tili pa jenereta. Mizere ija imazimiririka mtima usanamalize kumasuka, makamaka pa makina a maginito a mphamvu ya 1.5T, pa 3T imakhalitsako. Kenako kuwerengetsa kwake kumadya nthawi ndipo pulogalamu yake ndi laisensi ina yolipira madola. DENSE ndi yabwino kwambiri ngakhale pa tizigawo koma imapezeka m'malo ofufuza ochepa. Feature tracking inatchuka chifukwa imagwira pa kanema wamba yemwe aliyense wojambulidwa mtima ali naye kale, ngakhale zithunzi zakale ukhoza kuzitsegula lero nkuyeza, osabaya mankhwala, osaonjezera mphindi. Ndipo pa nambala ya mtima wonse imayenderana bwino ndi tagging, makamaka yozungulira ija

Nabanda Mabvuku: Yozungulira ndi iti? pa lipoti pali zitatu GLS GCS GRS ine ndinangoona yoyambayo

Yamikani: GLS ndi kufupika m'litali, GCS ndi kufinya mozungulira, GRS ndi kukhuthala kwa khoma ndiye imeneyo ilibe minus. Pa MRI yomwe imabwereza bwino kwambiri anthu awiri akayeza ndi GCS, GLS imatsatira, GRS ndiye yomvetsa chisoni, imadumphadumpha chifukwa khoma ndi lopyapyala, madontho a chithunzi kuchokera mkati kufika kunja ndi owerengeka, kulakwitsa kamodzi nambala yathawa. Tatiuzeni GCS yawo

Nabanda Mabvuku: GCS -19, GRS 31

Yamikani: GCS imeneyo ine siyikundidetsa nkhawa. GRS isiyeni

Dr Kondwani: Ndiwonjezere kuti pa echo zimatembenuka, kumeneko GLS ndiye yodalirika kuposa zinazo, ndi chifukwa chake malamulo a odwala khansa anamangidwa pa iyo. Komanso echo imajambula mofulumira, zithunzi 40 mpaka 80 pa sekondi pa ntchito imeneyi, pomwe kanema wa MRI nthawi zambiri amakhala zithunzi 25 kapena 30 pa kugunda kumodzi. Zithunzi zikachepa ukhoza kuphonya pomwe mnofu unafupika kwambiri, nambala nkutuluka yochepa. Ndiye braz Limbani kachipangizo kotsetsereka ndi mafuta kaja pa ntchito iyi sikochepa ayi. Vuto lake nlakuti kamadalira zenera, munthu wonenepa, wa mapapo odwala, kapena amene anachitidwa opaleshoni bere lakumanzere nthawi zina mtima suoneka bwino, apo ndiye MRI imalowa. Koma ukayamba ndi MRI upitirize ndi MRI

Limbani Jozi: Opaleshoni inali kumanja

Dr Kondwani: Ndiye zenera lilipo, echo ikwanira

Mai Esnart Epworth: Pepani kulowerera, ine ndimangoti muwapatse madzi a masamba a mpoza ndi adyo, mtima umalimba, aneba anga anachira nazo. Manambala awa angokudwalitsani mutu

Sisi Grace: Mai Esnart ndi ulemu wonse, munthu ali pa chemo asamwe zitsamba dokotala wake asakudziwa, zina zimalimbana ndi mankhwala m'chiwindi. Adyo wa mu ndiwo palibe vuto

Mussa wa pa Mbare: Ine funso langa ndi lina, kwathu ku Malawi makina amenewa aliko? kapena tonse tizingothamangira ku Jozi

Thoko UZ: MRI ku Queen Elizabeth ku Blantyre inafika mu 2008, koma inali ya maginito ochepa, 0.35T, ndipo ntchito yake yaikulu inali kufufuza malungo a muubongo mwa ana. Ya mtima imafuna 1.5T kapena 3T, mawaya a ECG ogwira mu maginito, pulogalamu, ndi munthu wophunzira kuwerenga. Kukhala ndi makina ndi china, kukhala ndi ntchito ya mtima ndi china

Yamikani: Ndipo pali nkhani ina yomwe imandisowetsa mtendere Thoko. Nambala zomwe timati zabwinobwino zambiri zinatengedwa kwa anthu a ku Europe, America ndi Asia. Tikudziwa kale kuti akazi GLS yawo imakhala yokulirapo pang'ono kuposa amuna, zaka nazo zimakhudza. Odwala athu kuno ndi a BP ya zaka zambiri yosachizidwa, ma valve owonongeka ndi rheumatic fever, azimayi omwe mtima umafooka akangobereka, a HIV. Ndiye ine ndimakhulupirira kwambiri kuyerekeza munthu ndi iye mwini pa makina omwewo kusiyana ndi kumuyerekeza ndi tebulo la m'buku

Dr Kondwani: Apo ndiye tagwirizana. Ngakhale masiku ano mapulogalamu ambiri amajambula okha mizere ndi AI, dzanja la munthu lachepa ndiye kubwereza kwakhala bwino, ukadina kawiri umapeza nambala yomweyo

Yamikani: Kupeza nambala yomweyo kawiri sikutanthauza kuti ndi yoona adokotala, ikalakwitsa imalakwitsa chimodzimodzi kawiri konse kkk. Ndinaonapo itajambula mzere kuzungulira mafuta a kunja kwa mtima ngati ndi khoma, ndipo inali yotsimikiza zedi. Munthu ayang'anebe

Dr Kondwani: Sindikukana, koma pakati pa AI ndi munthu wotopa wa 4 koloko madzulo ine nthawi zina ndisankha AI

Yamikani: Imeneyo tidzakambirana mukabwera pa Khirisimasi, mudzagule drink

Nabanda Mabvuku: Ndiye ndilembe bwino zoti ndichite mawa, ndiimbe komwe anajambula echo yoyamba ndipemphe ina Lachinayi lisanafike, makina omwewo, ndipemphe troponin, ndipo ndipite ndi malipoti onse awiri kwa dokotala wa khansa. Pali china?

Sisi Grace: Amwe madzi bwino masiku awa, mapiritsi a BP ngati amamwa asadumphe, ndipo tsiku la echo awayeze BP nkuilemba pa lipoti. Muwayang'anenso miyendo ngati ikutupa, ngati akubanika akagona chagada kapena akakwera kamtunda kochokera pokwerera kombi. Zimenezo zikaoneka musadikire Lachinayi, pitani tsiku lomwelo

Nabanda Mabvuku: Miyendo ili bwino, dzulo amasesa pabwalo ndikuwaletsa

Yamikani: Braz Limbani inu ntchito yanu ndi CD. Musangotenga pepala, pemphani zithunzi zenizeni pa CD kapena flash, muwauze kuti mukufuna DICOM. Zithunzi zojambula ndi foni pa sikirini sizithandiza. Ndi DICOM munthu wina akhoza kutsegula, kuona ngati amayi anapuma pakati, nkuyezanso. Ndipo ngati mtsogolo adzafune MRI ina abwerere malo omwewo, pulogalamu yomweyo

Limbani Jozi: CD anandipatsa ili mu galimoto, ndimaganiza kuti ndi yongosunga. Ndipatsira driver wa basi ya Lachiwiri, Nabanda ukaidikire pa Roadport

A Phiri Mufakose: Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete. Bambo anga mtima wawo umagunda mosalongosoka, adokotala anati atrial fibrillation, ndipo ali ndi pacemaker. Ana akunja akufuna kuwalipirira MRI yomweyi ya strain kuti tidziwe mphamvu ya mtima. Tipange?

Yamikani: A Phiri pali zinthu ziwiri. Pacemaker choyamba, zambiri zatsopano zimaloledwa mu MRI koma pamafunika khadi lake tione mtundu wa batire ndi mawaya, ndipo pakhale munthu woisintha isanalowe ndi kuibwezera potuluka, si malo onse amachita zimenezo. Chitsulocho chimadetsanso chithunzi mbali ina ya mtima. Chachiwiri kugunda kosalongosoka, kumbukirani ndanena kuti kanema amalumikizidwa kuchokera ku kugunda kangapo, tsono ngati kugunda kwina nkwakutali kwina nkwakufupi zidutswa sizigwirizana, malire amachita chimbuuzi, ndipo strain yeniyeniyo imasintha kugunda ndi kugunda. Nambala mudzapatsidwa chifukwa kompyuta siikana, koma ine sindingaikhulupirire

Dr Kondwani: A Phiri funsani kaye dokotala wawo kuti yankho la MRI lingasinthe chiyani pa mankhwala omwe akumwa. Ngati palibe, ndalamazo zigule mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi a chaka chonse ndi echo, stroke ndiye mdani wamkulu pa matenda amenewo

A Phiri Mufakose: Amamwa warfarin koma INR, magazi oona ngati warfarin akugwira bwino, sitinayezetse miyezi ingapo tsopano

Sisi Grace: Iiii a Phiri yambani ndi imeneyo mawa mmawa, MRI ibwere pambuyo